Kuteteza Maungu Athu kwa Akalulu ndi Nyama Zina za M'thengo

Mabvuto a cilala sakutha tsiku limene mvula yabweranso. Amene anaona cilala ca 1992 adziwa zimenezi. Tinazionanso mu 2024, pamene boma linalengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka cifukwa ca kusowa kwa mvula. Pambuyo pa caka cotere nkhokwe zikhala zopanda kanthu, ndipo miyezi ya January ndi February italika, pakuti cimanga cikhala cisanakhwime. Mbeu imene iyamba kutipulumutsa ndi maungu. Pakapita milungu 5 kapena 6 cibzalire, amai ayamba kuthyola ciwawa. Pambuyo pake pabwera ciluwe, ndipo pa miyezi 3 kapena 4 dzungu lenileni likhwima.

Koma njala imene ili m'mudzi ilinso m'thengo. Udzu ukauma kapena ukapsa ndi moto, nyama zitsata zobiriwira, ndipo zizipeza m'minda ndi m'madimba mwathu. Banja limene linatsala ndi nthanga zodzaza dzanja limodzi cabe likhoza kutaya mbeu yonse usiku umodzi. Cinthu coyamba ndico kudziwa nyama imene ikutibera, cifukwa mpanda woletsa kalulu suletsa nguluwe, ndipo mlonda wa usiku sathandiza pa apusi.

1. Tidziwe mbala yathu

Madzulo tisese pozungulira maungu ndi kuwazapo phulusa kapena mcenga. M'mawa kwambiri, mbuzi zisanatuluke m'khola, tipite kukaona mapazi ndi madyedwe ake.

Kalulu adya usiku. Adula tsinde lanthete mopendeketsa ngati mpeni wakuthwa, nasiya ndowe zing'onozing'ono zoulungika. Akonda maungu ongomera kumene. Masamba akakula ndi kucita ubweya wolasa, sawakondanso kwenikweni.

Gwape alibe mano akutsogolo a m'mwamba, motero ang'amba tsamba mokhadzula. Mbuzi nayo idya cimodzimodzi. N'cifukwa cake tiyenera kulawirira ziweto zisanayende, kuopa kunamizira nyama ya m'thengo pamene wakuba ali m'khola mwathu.

Mbewa zifukula nthanga zisanamere. Tipeza kadzenje pa phando ndi makoko a nthanga pambali pake.

Nungu iyenda usiku. Ikumba kunsi kwa mpanda, ikukuta dzungu mbali imodzi, ndipo kawirikawiri isiya minga yake panjira.

Nguluwe zibwera m'gulu usiku. Zifukula nthaka ndi mphuno ndi kuswa maungu ambiri nthawi imodzi.

Apusi ndi anyani abwera masana, makamaka pamene aona kuti m'munda mulibe munthu. Athyola timaungu tating'ono, aluma pang'ono ndi kutaya.

2. Mwezi woyamba ndiwo woopsa

Mmera wa masamba awiri ukadulidwa tsinde suphukanso. Cotero nchito yaikulu yolimbana ndi kalulu ili m'milungu 4 yoyamba. Sitifunika kumanga mpanda wa munda wonse. Tichinge phando lililonse palokha. Tizunguliza nthambi za minga, monga za mthethe kapena za masau, ndi kuzikhomera pansi kuti pasakhale mpata. Dengu lakale lobooka kunsi nalonso ligwira nchito, tikalizika bwino ndi zikhomo. Cochingaco cisaphimbe dzuwa. Maungu akayamba kuyanga ticicotse.

Pa phando limodzi tibzale nthanga 3, ndipo zikamera zonse tisiye 2 zamphamvu. Tisabzale nthanga zonse tsiku limodzi. Gawo lina tisunge m'botolo louma lotsekedwa bwino, kuti mbewa kapena kalulu akatibera tikhale ndi zopakizira.

Ambiri a ife tikonda kubzala maungu pa culu ca kumalire a munda cifukwa pali conde. Koma pamenepo ndi pafupi ndi thengo, ndipo nthawi zambiri m'zulu zakale muli maenje okhalamo nungu. Maungu amene tifuna kudzasungako mbeu tiwabzale pafupi ndi nyumba, pamene pali maso a anthu ndi agalu.

3. Mpanda wa dimba

Mpanda wa udzu kapena wa bango uli bwino ngati ndi wothithikana kunsi. Nyama zambiri zilowera pansi, sizilumpha pamwamba. Amene angathe kupeza waya wa khola la nkhuku asankhe wa mabowo aang'ono, osapitirira masentimita 3. Utali wake ufike mita imodzi, ndipo masentimita 15 akwiriridwe m'nthaka. Kumene kuli nungu tikwirire masentimita 30 ndi kusanja miyala m'tsinde mwa mpanda. Kwa nguluwe pafunika mitengo yolimba yozikidwa pafupipafupi, ndi ngalande yakuya kunja kwa mpanda.

Kalulu wa kuno sakumba una. Masana agona m'udzu wautali kapena kunsi kwa citsamba. Tikalambula mamita 3 kapena 4 pozungulira dimba, timcotsera pobisala, ndiponso tichinga moto wolusa.

Khonje lobzalidwa m'malire lipanga mpanda wokhalitsa, koma litenga zaka kuti lithithikane. Tilibzale caka cino, osayembekeza kuti litithandiza caka comwe cino. Tsiku lililonse munthu mmodzi ayendere mpanda wonse. Bowo limodzi losiyidwa lipha nchito ya mlungu wathunthu.

4. Tsabola ndi zoopsezera

Tsabola wowawa athandiza. Tisinje wodzaza manja awiri, timviike usiku wonse m'malita 5 a madzi, tisefe ndi nsalu, tiikemo sopo pang'ono ndi kuwaza pa mmera madzulo. Tiyambe tayesa pa phando limodzi kuti tione ngati masamba sapserera. Tisamale maso, ndipo tisambe m'manja tikatha. Mvula ikagwa mankhwalawa asukuluka, motero tiwazenso. Ciwawa cowazidwa titsuke bwino tisanaphike.

Zitini zomangirira pa cingwe ndi zifaniziro za munthu zobvekedwa nsanza ziopseza nyama masiku ocepa cabe. Nyama zikaona kuti cinthuco sicisuntha, zizolowera. Tizisunthe pa masiku 3 alionse. Njira zimenezi zithandizira mpanda, koma sizilowa m'malo mwa mpanda.

5. Tilonde pamodzi

Apusi ndi anyani saopa mpanda, aopa munthu. Nguluwe nazo zithawa moto, galu ndi phokoso. Koma munthu mmodzi sangalonde usana ndi usiku kwa miyezi itatu. Mabanja amene minda yao yayandikana amange nsanja imodzi ndi kugawana masiku. Pogawana tikumbukire amasiye, okalamba ndi odwala, amene alibe wowalondera. Minda yao ikhale m'ciwerengero. Ana asacotsedwe kusukulu cifukwa ca apusi, ndipo asatumidwe kukalonda usiku.

6. Zimene tisacite

Tisaike poizoni m'dzungu kapena m'gaga. Poizoni sasankha. Apha agalu, nkhuku ndi mbuzi, ndipo mwana akhoza kutola dzungu lomwelo. Munthu wina akhoza kupeza nyama yakufayo nakaidyetsa banja lake lonse.

Tisachere misampha ya waya. Igwira ziweto za anzathu, ndiponso lamulo la nyama za m'thengo la 2015 liletsa. Tisatenthe thengo pofuna kupirikitsa nyama, pakuti tikatero tizionjezera njala ndipo zibwera zambiri kumunda. Abale a ku cigwa ca Luangwa, kumene njobvu ndi mvuu zilowa m'minda, asalimbane nazo okha. Akauze a nyakwawa ndi anchito a Department of National Parks and Wildlife.

7. Tisacedwe kukolola

Dzungu lakhwima pamene khoko lake silibooka ndi cikhadabo ndipo kamtengo kake kayamba kuuma. Tilidule pamodzi ndi kamtengoko kuti lisaole msanga, ndi kuliika pa nsanja ya mthunzi kunyumba. Dzungu lokhwima losiyidwa kumunda tasungira nungu. Nthanga za maungu abwino koposa tiziumitse pamthunzi ndi kusunga, ndipo wokhala nazo zambiri agawireko mnansi amene anataya zake.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi nyama iti imene inaononga kwambiri maungu kwathu kuno caka catha? Tinaizindikira bwanji?
2. Ndi zipangizo ziti zomangira mpanda zimene tingapeze popanda ndalama?
3. Ndani m'mudzi mwathu amene alibe womlondera munda, ndipo ndani ayamba kumlondera mlungu uno?