Mavitamini m'Chakudya Chathu: Malangizo kwa Mabanja

Kabuku kano n'ka inu amayi ndi abambo amene mumalima, kugula ndi kuphika chakudya cha pabanja. M'makomo ambiri mwana akakhuta nsima timati wadya, ndipo ndiwo timaziona ngati zongothandiza kumeza. Komatu mwana angathe kugona wokhuta usiku uliwonse koma thupi lake likusowa tizakudya timene timateteza maso, khungu, magazi ndi nzeru. Tizakudya timeneti ndi mavitamini. Ambiri mwa iwo ali kale m'munda mwanu, kudimba ndi m'mitengo ya pakhomo. Vuto lathu lalikulu n'lakuti timawataya tokha: kuchigayo, mumphika ndiponso padzuwa poyanika masamba.

Mavitamini alipo 13, ndipo thupi limafuna pang'ono chabe pa aliyense. Kwa wophika, chofunika n'kudziwa kuti ali m'magulu awiri. Vitamini A, D, E ndi K amasungunuka m'mafuta, choncho kuti alowe bwino m'thupi pamafunika kamafuta kapena nsinjiro m'ndiwo. Akalowa, thupi limawasunga kwa nthawi. Vitamini C ndi mavitamini a gulu la B amasungunuka m'madzi. Ambiri a iwo thupi siliwasunga nthawi yaitali, n'chifukwa chake tiyenera kuwadya kawirikawiri, ndipo mukakhuthula madzi amene munawiritsira masamba nawonso amapita nawo.

Vitamini A: maso ndi chitetezo cha mwana

Chizindikiro choyamba cha kusowa kwa vitamini A chimaoneka dzuwa likalowa. Mwana amene masana amathamanga bwinobwino amayamba kupunthwa, kufufuza mbale ndi manja, kapena kukhala phee pamalo amodzi anzake akusewera. Vutoli likakula, mbali yoyera ya diso imauma ndipo pamatuluka kachinthu kooneka ngati thovu. Pamapeto pake diso limachita chilonda, ndipo khungu lobwera motere silichira. Koma ngakhale maso asanafike pamenepo, mwana wosowa vitamini A amagwidwa msanga ndi matenda otsekula m'mimba ndi chikuku, ndipo matendawo amamugwetsa kwambiri kuposa anzake. Chikuku nachonso chimamaliza vitamini A wochepa amene anali m'thupi.

Pa nkhaniyi dziko lathu lapita patsogolo. Kafukufuku wa mu 2001 anapeza kuti ana 59 mwa ana 100 aliwonse aang'ono anali osowa vitamini A. Pofika mu 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa ana pafupifupi 4 mwa 100. Zina zimene zinathandiza ndi vitamini A wodontheza m'kamwa amene ana amalandira kusikelo, komanso vitamini A amene amathiridwa m'mafuta ophikira ndi mu shuga wopangidwa m'dziko muno kuyambira mu 2012. Zimenezi zisatipangitse kugona. Mwana aliyense wa miyezi 6 mpaka 59 alandire vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse: kapisozi wabuluu kwa wa miyezi 6 mpaka 11, wofiira kwa wa chaka chimodzi kupita m'tsogolo. Makolo ambiri amaleka sikelo mwana akangomaliza katemera. Musatero, pitirizani mpaka akwanitse zaka zisanu. Ndipo kunena kuti mu shuga muli vitamini A sikukupatsani chilolezo chodzaza shuga m'phala la mwana, chifukwa mano ake ndi amene adzavutike.

Chitetezo chokhalitsa chili m'munda. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire, ili ndi vitamini A wochuluka moti kambatata kamodzi kowiritsa, ka magalamu pafupifupi 125, kamakwanira mwana wamng'ono tsiku lonse. Mbatata yoyera mkati ilibe mphamvu imeneyi. Funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kumene mungapeze mbewu yake, ndipo musunge ina kudimba kuti mvula ikagwa musayambe kupemphapempha. Maungu achikasu kwambiri, mango ndi mapapaya akupsa, kaloti, ndi masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, kholowa ndi chammwamba nazonso n'zothandiza. Masamba amenewa muzitendera kapena kuthirako supuni ya mafuta. Agogo athu potendera ndiwo ankafuna kukoma, koma ankachitanso chinthu chanzeru kwambiri, pakuti mafuta a mu nsinjiro ndi amene amanyamula vitamini A kulowa naye m'thupi. Mazira, mkaka ndi chiwindi zili ndi vitamini A amene thupi limamugwiritsa ntchito mosavuta. Dzira limodzi lopatsa mwana lili ndi phindu loposa ndalama imene mungaligulitse.

Kwa khanda, gwero lake ndi bere. Mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwire pansi. Uli ndi vitamini A wambiri. Yamwitsani mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, kenako yambani phala la mgaiwa losakaniza nsinjiro, masamba osinja kapena mbatata yofiira, uku mukupitiriza kuyamwitsa.

Nsima yokhayokha ndi matenda a pelagra

Apa ndipofunika kufatsa, chifukwa matendawa amasaka anthu odalira chimanga ngati ife. Pelagra imabwera thupi likasowa vitamini B3, amene achipatala amamutcha niacin. Khungu limada, kukhakhala ndi kusweka pamalo amene pamaomba dzuwa: kunja kwa manja, pamikono, pamapazi, kumaso, ndi kuzungulira khosi ngati munthu wavala mkanda. Zilondazo zimaoneka mofanana mbali zonse ziwiri za thupi. Lilime limafiira n'kumawawa, m'mimba mumatseguka kosalekeza, ndipo matenda akakula munthu amaiwalaiwala, kukwiya msanga, mpaka kusokonezeka mutu. Akapanda kuthandizidwa amamwalira. N'zomvetsa chisoni kuti mabanja ena amataya nthawi kufunafuna amene walodza wodwalayo, pamene kuchipatala kuli mapiritsi amene amayamba kumusintha m'masiku ochepa.

Si nkhani yakutali ayi. Mu 1990 anthu oposa 17,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala kumwera kwa Malawi anadwala pelagra. Chinachitika n'chakuti mtedza umene ankalandira pamodzi ndi chimanga unaleka kubwera kwa miyezi ingapo. Ofufuza anapeza kuti amene ankadyako mtedza kapena nsomba, ndi amene anali ndi kadimba kawo, sankadwala kwambiri, ndiponso kuti amayi ndiwo anadwala ochuluka kuposa abambo. Mu 2015 ndi 2016, zaka za njala, matendawa anabukanso kudera la Kasese m'boma la Dowa ndipo anagwira anthu oposa 600.

Chimanga chili ndi niacin, koma ali womangika moti thupi limangotengako pang'ono. Ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, anthu amachiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere, ndipo njira imeneyi imamasula vitaminiyu. Chimanga chinafika kuno koma luso limenelo linatsalira komweko. Ife timaonjezanso vuto: timakonola, kuchotsa gaga ndi kamtima ka njere, kuviika mphale m'madzi masiku angapo, n'kutaya madziwo. Ufa woyera umene umatsala ndi wokoma pakamwa, koma mavitamini ambiri a gulu la B apita ndi gaga amene tapatsa nkhumba ndi nkhuku. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, makamaka pa phala la ana, ndipo asakunamizeni kuti ndi ufa wa amphawi. Komabe mgaiwa pawokha sungateteze ku pelagra. Chimene chimateteza ndi ndiwo: mtedza, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, usipa, matemba, nyama ndi mazira. Munthu wamkulu amafuna mamiligalamu 14 mpaka 16 a niacin patsiku, ndipo magalamu 100 a mtedza ali ndi pafupifupi 12.

Ndiye abambo, pokolola mtedza musagulitse wonse kwa mavenda. Yambani mwapatula matumba a pakhomo, muwaumitse bwino ndi kuwasunga pouma. Mtedza wa chuku, wofota kapena wowawa utayidwe, usasinjidwe kukhala nsinjiro, chifukwa chukucho chili ndi poizoni woononga chiwindi. Ndipo pakudya, nsomba zisathere m'mbale ya abambo, amayi ndi ana n'kutsala ndi msuzi. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa ndi amene akufunika ndiwo zabwino kuposa wina aliyense pakhomopo.

Amene amamwa kwambiri kachasu ali pachiopsezo chachikulu cha pelagra, chifukwa mowa umalepheretsa thupi kutenga mavitamini ndiponso womwayo sadya mokwanira. Amene akumwa isoniazid, mankhwala ochiza kapena oteteza TB, nawonso akhale tcheru. Musasiye mankhwalawo panokha. Imwani kapiritsi ka vitamini B6 kamene amakupatsirani limodzi, ndipo mukaona khungu likusintha kapena mapazi akuchita dzanzi, kauzeni achipatala msanga.

Magazi ndi mayi woyembekezera

Kuti thupi lipange magazi limafuna ayironi, komanso mavitamini awiri: folate ndi B12. Folate amapezeka m'masamba obiriwira, nyemba, mtedza ndi mapeyala. Ntchito yake yaikulu imachitika m'masiku 28 oyambirira a pakati, pamene msana ndi ubongo wa mwana zikuumbika, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Folate akachepa nthawi imeneyo, mwana angathe kubadwa ndi chotupa kapena bowo pamsana. Choncho mayi amene akufuna kutenga pakati ayambiretu kudya bwino, ndipo akangozindikira kuti ndi woyembekezera ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, osadikira kuti mimba ionekere. Mapiritsi oonjezera magazi amene amapereka kusikelo ali ndi ayironi ndi folic acid (folate). Amwedwe tsiku lililonse. Chimbudzi chikada musaope, ndi mmene ayironi amachitira. Akamakuchititsani nseru, imwani usiku mutadya. Koma kapisozi wa vitamini A wa ana uja mayi woyembekezera asamwe, chifukwa vitamini A wochuluka chotero angavulaze mwana m'mimba.

Vitamini B12 amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha. Sikuti mpaka muphe mbuzi. Kausipa kodzaza dzanja, dzira kapena kapu ya mkaka kangapo pa sabata n'zothandiza kwambiri.

Vitamini C amathandiza mabala kupola, amalimbitsa nkhama, ndiponso amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Akasowa kwa nthawi yaitali nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi. Gwafa mmodzi amakwanira munthu tsiku lonse. Malambe, malalanje, mandimu, mapapaya, mango ndi matimati nazonso zili naye. Zipatso si za ana okha. Aliyense adye chipatso atangomaliza nsima. Tiyi amachita zosiyana: amatsekereza ayironi, choncho musamwere chakudya, dikirani papite ola limodzi kapena awiri.

Za vitamini D sitichulukitsa, pakuti khungu limamupanga lokha likaombedwa ndi dzuwa, ndipo dzuwa tili nalo. Ongofunika kuwakumbukira ndi makanda ofunditsidwa tsiku lonse, okalamba ndi odwala osatuluka m'nyumba. Aziothako dzuwa pang'ono. Vitamini K amathandiza magazi kuundana. Makanda amabadwa naye wochepa, n'chifukwa chake amayenera kubayidwa jakisoni wake akangobadwa, ndipo ichi n'chifukwa chinanso choberekera kuchipatala.

Kukhitchini

Masamba muthyole pafupi ndi nthawi yophika. Tsukani musanadule, chifukwa mukadula kaye n'kuviika m'madzi mavitamini amatsalira m'beseni. Ikani masamba m'madzi ochepa owira kale, vindikirani, ndipo muphule akadali obiriwira. Msuzi wake usatayidwe. Chigwada chokha ndicho chosiyana: chisinjidwe ndi kuwiritsidwa mokwanira, mphika uli wosavindikira, kuti poizoni wake atuluke.

Nkhani ya soda ndi chidulo ndi yovuta, chifukwa ambiri tinakulira ndiwo zophikidwa motero. Koma soda amaononga vitamini C ndi vitamini B1 m'masamba. Nkhwani wanthete wosadzulidwa bwino, bonongwe ndi kholowa zimafewa zokha popanda soda. Ngati ndi therere ndipo banja silingadye lopanda soda, tsinani pang'ono chabe, ndipo tsiku limenelo pakhale chipatso.

Mfutso ndi umene umatipulumutsa m'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala pamene masamba asowa. Pofutsa, viikani masamba m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, kenako yanikani pamthunzi podutsa mphepo, pathandala kapena pamphasa yoyera. Dzuwa lamphamvu limaononga vitamini A. Mfutso wabwino umaoneka wobiriwira, osati wotuwa. Sungani m'chikwatu kapena m'chigubu chotseka bwino, pamalo ouma ndi amdima. Mafuta ophikira nawonso asakhale padzuwa. Pogula mafuta, shuga kapena ufa wa m'sitolo yang'anani chizindikiro chosonyeza kuti anathiramo mavitamini, ndipo mafuta oyezera m'timapepala amene akhala padzuwa tsiku lonse pamsika muwapewe ngati mungathe.

Mavitamini a m'mabotolo ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi musathamangire. Ndalama imeneyo ikagula mazira, usipa ndi mtedza idyetsa banja lonse. Mapiritsi ofunikadi, a ana ndi a amayi oyembekezera, amaperekedwa ulere m'zipatala za boma.

Pitani kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo mosazengereza mukaona mwana sakuona bwino madzulo, diso lauma kapena lachita thovu, khungu lada ndi kusweka pamikono ndi m'khosi, m'ngodya za milomo mwang'ambika, zikhatho ndi m'zikope mwayera, kapena mapazi atupa. Tengani buku la sikelo la mwanayo, ndipo mukafotokoze zimene banja lakhala likudya masabata apitawa.