Nkhokwe Ziwiri: Mkhristu ndi Kusunga Ndalama

Kumapeto kwa mwezi, m'mabanja ambiri a m'tauni muno mumakhala masamu ovuta. Malipiro akangolowa, eni nyumba ali pakhomo kufuna lendi, mayunitsi a magetsi atha, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kwinaku akumudzi aimba kale foni kuti feteleza wakwera. Pofika pakati pa mwezi m'thumba mwauma. Pamenepo mkhristu amamva mawu awiri ooneka ngati akutsutsana. Anzake akumuuza kuti azisunga, poti chakudza sichiimba ng'oma. Ku tchalitchi akumva zoti azipatsa osauka ndi kusadera nkhawa za mawa. Kodi atsate ziti?

Nkhokwe ya Yosefe ndi ya munthu wachuma

M'Malembo Oyera muli anthu awiri amene anakolola zambiri n'kusunga m'nkhokwe. Woyamba ndi Yosefe. Pa Genesis 41, atamasulira maloto a Farao, analangiza kuti pa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu azipatula gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola za m'dziko la Ejipito. Njala itafika, nkhokwe zija zinatsekulidwa. Aejipito anapulumuka, a m'maiko ena anadzagula tirigu, ndipo ngakhale abale ake omwe anamugulitsa aja anapeza chakudya.

Wachiwiri ndi munthu wachuma wa m'fanizo la Ambuye Yezu pa Luka 12:16-21. Munda wake utabereka kwambiri, anaganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, kenaka akhale pansi azidya ndi kumwa zaka zambiri. Mulungu anamutcha wopusa, ndipo usiku womwewo moyo wake unatha.

Onse awiri anasunga, choncho kusungako sikunali kolakwa. Wowerenga fanizoli mosamala adzaona kuti munthu wachumayo akulankhula yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Satchula mkazi kapena mwana, satchula antchito amene anamulimira munda, satchula mnansi, Mulungu ndiye ayi. Nkhokwe ya Yosefe inali ndi khomo lotulutsira, pamene ya wachumayo inali ndi polowetsera pokha.

Paulo Woyera anaphunzitsa kusunga

Akhristu a ku Yerusalemu atagwa m'umphawi, Paulo Woyera anakonza msonkhamsonkha m'mipingo ya kutali. Pa 1 Akorinto 16:1-4 sanawauze Akorinto kuti adikire tsiku limene iye adzafike kuti adzapereke zimene zidzapezeke m'thumba. Anati tsiku loyamba la sabata iliyonse munthu aliyense azipatulako kanthu molingana ndi mmene wapezera, n'kusunga. Uku kunali kusunga ndalama kwa dongosolo, ndipo cholinga chake chinali chifundo. Pa Aefeso 4:28 akutinso munthu agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi choti n'kugawirako wosowa.

Nzeruyi ndi yoona lero lomwe. Mnansi akadwala usiku, amene amatha kulipira galimoto yopita naye kuchipatala ndi uja anasungako kanthu. Amene wamwaza malipiro onse sabata yoyamba amangotsala ndi mawu oti pepani. Makolo anati kupatsa n'kuika. Paulo akuonetsa mbali inzake: kuika ndiko kumatheketsa kupatsa.

Pamene ndalama zimadonthera

Ambuye Yezu atadyetsa khamu la anthu, analamula ophunzira kuti atole zotsala kuti pasatayike kanthu, ndipo anadzaza madengu khumi ndi awiri (Yohane 6:12-13). Amene anali ndi mphamvu zochulukitsa buledi sanalole kuti makombo aonongeke.

M'banja la m'tauni ndalama kawirikawiri zimatha pang'onopang'ono ngati madzi m'ndowa yobooka: kubetcha pa mpira, bandulo yongoonera makanema, nsima yophika yambiri n'kutaya m'mawa, nsalu yatsopano pa mwambo uliwonse, ukwati wa ngongole wofuna kuposa wa mnzake. Munthu wotaya K500 pa tsiku amakhala wataya K15,000 pa mwezi, ndipo pa chaka ndi K182,500. Ambiri sadziwa kumene ndalama zawo zimapita chifukwa sanayambe alembapo. Kope la ana asukulu ndi cholembera n'zokwanira, bola bambo ndi mayi azilemba limodzi, osabisirana malipiro.

Wopanda chosunga, vuto likagwa amathamangira kwa akatapila. Akabwereka K20,000 n'kukabweza K30,000 pakutha pa mwezi, ndiye kuti wagulitsa ndiwo za ana ake. N'chifukwa chake chipeleganyu ndi banki mkhonde zathandiza mabanja ambiri, m'miphakati momwe. Koma magulu oterewa amaima pa kukhulupirika. Mkhristu wobwereka ku gulu n'kuzimitsa foni wabera amayi anzake ogulitsa mandasi, ngakhale Lamulungu atakhala pa benchi yakutsogolo.

N'zoona kuti kusunga n'kovuta masiku ano. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Ndalama yongokhala pansi pa matiresi imafooka. N'chifukwa chake ena amagula thumba la chimanga nthawi yokolola, ena amalipiriratu fizi, ena amaika ku gulu komwe ndalama imazungulira. Mpingo suona choipa pa zimenezi. M'kalata yake ya Rerum Novarum ya mu 1891, Papa Leo XIII anaphunzitsa kuti wantchito ayenera kulandira malipiro okwanira kusamalira banja lake, oti akamadya mosamala athe kusungako n'kupeza kanthu kakekake.

Kusamala kosapweteka wosauka

Pali kusunga kwina kumene ndi umbombo wovala jekete. Munthu amalipira mosawiringula mtengo wolembedwa mu shopu yaikulu, koma akafika kwa mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu amanenerera mpaka mayiyo atsale wopanda phindu, n'kupemphanso basela. Wina amachedwetsa malipiro a mtsikana wantchito kapena mlonda, amati zinthu zavuta, koma galimoto yake siisowa mafuta. Kalata ya Yakobo (5:4) imachenjeza kuti malipiro obisiridwa antchito amafuula, ndipo Mulungu amamva.

Lamulo la Mose pa Levitiko 19:9-10 linaletsa mwini munda kukolola mpaka m'mphepete ndi kubwereranso kukatola zotsala. Zimenezo zinali za osauka ndi alendo. Rute, mkazi wamasiye wa ku Mowabu, anadyetsa apongozi ake ndi khunkha lotere m'munda wa Boazi. M'tauni mulibe minda yambiri, koma malipiro ali ndi m'mphepete mwake. Kudzimana koyenera kumayambira pa zokhumba za mwini ndalama, osati pa mbale ya wantchito wake.

Wosauka ndani pamaso pa mkhristu?

Pali maganizo awiri olakwika amene afala. Ena amati wosauka aliyense ndi waulesi. Koma mnyamata wopalasa kabaza kuyambira m'bandakucha, ndi mayi wosenza dengu la masamba kuzungulira malokeshoni, amakhetsa thukuta kuposa ambiri a m'maofesi. Ena amati umphawi ndi chizindikiro cha tchimo kapena cha chikhulupiriro chochepa, ndipo amauza osauka kuti apereke zonse kuti Mulungu awabwezere kambirimbiri. Mulungu sachita katapila. Mwana wake yemwe anabadwira m'khola ndipo anaikidwa m'manda a mwini wake.

Banja limene ndalama zake zimathera pa ufa ndi lendi lisadziweruze chifukwa cholephera kusunga. Lisaganizenso kuti lilibe chopereka. Yezu anayamika mayi wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri (Marko 12:41-44), ndipo Paulo akuchitira umboni kuti akhristu a ku Masedoniya anapereka mowolowa manja ali pa umphawi waukulu (2 Akorinto 8:1-4). Kutungira madzi wodwala ndi kugonera ku chipatala ndi chopereka ndithu.

Chifundo chenicheni chimasunga ulemu wa wolandira. Bungwe la Vincent de Paul Woyera, limene Frédéric Ozanam ndi anzake ophunzira anayambitsa ku Paris mu 1833, linakhazikika pa kuyendera osauka m'nyumba zawo, kukhala nawo pansi ndi kumva nkhani zawo. Izi n'zosiyana ndi kupereka thumba la ufa kwinaku wina akujambula kuti zikaoneke pa Facebook. Pokhazikitsa Tsiku la Osauka, lomwe linayamba mu 2017 ndipo limakumbukiridwa Lamulungu la 33 pa chaka, Papa Francis anafuna kuti akhristu akumane ndi osauka maso ndi maso, awadziwe maina awo.

Zoti banja liyese mwezi uno

Lilembe ndalama iliyonse yotuluka kwa masiku 30. Malipiro akalowa, liyambe lapatula magawo awiri, ngakhale atachepa bwanji: lina la tsiku la mavuto, lina la Mulungu ndi mnansi wosowa. Antchito apakhomo alipidwe pa tsiku lake. Ndipo lisankhe banja limodzi losowa la m'mphakati, loti liziliyendera.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene zimadya ndalama za mabanja chifukwa cha manyazi kapena mpikisano?
2. Kodi mkhristu angazindikire bwanji kuti kusunga kwake kwasanduka umbombo?
3. Ndani m'dera lino amene akuvutika mwakachetechete, ndipo mphakati ungamufikire bwanji mosamuchititsa manyazi?