Nkhalango ya Yani? Utsamunda, Ndalama ndi Ataiga a ku India

Nyama imene ndikambe m'nkhani ino sipezeka mu Africa muno, n'chifukwa chake Chichewa chilibe dzina lake lenileni. Ena amati kambuku, ena nyalugwe, koma nyalugwe wathu ndi wamawanga pamene iyi ndi yamizeremizere ndiponso yaikulu kwambiri. Choncho ndigwiritsa ntchito dzina lobwereka loti taiga. Mfundo yanga ndi yakuti ntchito yoteteza ataiga ku India, ngakhale yaonetsa zipatso, ikutsatabe njira imene atsamunda a ku Britain analambula, ndipo amene amavutika nayo si amene amadyerera phindu lake.

Atsamunda analowa m'nkhalango pofuna mitengo, makamaka yoyalira njanji. Mu 1864 anakhazikitsa nthambi ya boma yoona za nkhalango motsogozedwa ndi Mjeremani Dietrich Brandis, ndipo malamulo a 1865, 1878 ndi 1927 anaika nkhalango zambiri m'manja mwa boma. Anthu a mitundu monga Baiga ndi Gond, amene makolo awo ankalima, kudyetsa ziweto ndi kutola nkhuni m'menemo, anayamba kuimbidwa milandu pa malo awo omwe. Naye taiga ankatengedwa ngati chilombo cholepheretsa chitukuko, popeza ankagwira ng'ombe ndi kuopsa anthu otsegula minda imene boma likanatolerapo msonkho. Aliyense wopha taiga ankalandira ndalama. Katswiri wa mbiri yakale Mahesh Rangarajan anapeza kuti ataiga opitirira 80,000 anaphedwa pakati pa 1875 ndi 1925.

Kwa akuluakulu, uzimba unali njira yoonetsera ulamuliro. Mu Disembala 1911 Mfumu George V ndi gulu lake anapha ataiga 39 ku Nepal pa ulendo umodzi wokha. Chochititsa chidwi n'chakuti malo ena otchuka ndi ataiga lero, monga Ranthambore ndi Bandhavgarh, anali malo osakirako a mafumu a ku Jaipur ndi Rewa. Nyamazo zinapulumuka chifukwa munthu wamba sankaloledwa kuzikhudza, pofuna kuti mfumu ndi alendo ake asasowe chowombera. Paki yoyamba ya dzikolo, imene lero timaidziwa kuti Corbett, inatsegulidwa mu 1936 ndi dzina la bwanamkubwa Malcolm Hailey.

India atalandira ufulu mu 1947, kusaka kunapitirirabe. Kalembera wa 1972 atapeza ataiga 1,827 okha, boma la Indira Gandhi linayambitsa Project Tiger mu 1973 ndi malo otetezedwa asanu ndi anayi. Cholinga chinasinthadi, koma oyendetsa ntchito anali nthambi yomwe ija ya nkhalango, ndi maganizo omwe aja akuti nkhalango yabwino ndi yopanda anthu. Midzi inasamutsidwa kuchoka m'katikati mwa malo monga Kanha.

Pano m'pamene nkhani ya ndalama imaonekera bwino. Taiga wamoyo amakopa alendo, koma mahotela ozungulira mapaki kawirikawiri ndi a anthu ochokera kutali. Wa m'mudzi amapezako ntchito yaulonda kapena yophika. Ng'ombe yake ikagwidwa, amadikira chipukuta misozi chimene chimachedwa. Pamene zili choncho, zikopa ndi mafupa a taiga zili ndi msika wozembetsa wopita ku China. Munthu amene anachotsedwa pa malo a makolo ake alibe chifukwa choululira wozembetsa nyama kwa alonda a boma. Mu 2005 zinadziwika kuti ku Sariska ataiga onse atha, chikhalirecho mabuku a boma ankaonetsa kuti alipo. Komiti imene Sunita Narain anatsogolera chaka chomwecho inanena kuti kuteteza taiga popanda anthu okhala naye pafupi sikungatheke, ndipo lamulo la 2006 la ufulu wa anthu a m'nkhalango linavomereza poyera kuti anthuwa analakwiridwa kuyambira nthawi ya atsamunda.

Sindikunena kuti Project Tiger yalephera. Chiwerengero chinakwera kuchoka pa 1,411 mu 2006 kufika pa 3,682 mu 2022, ndipo mabanja ena amasamuka mofuna okha polandira ndalama zimene boma linazikweza kufika pa marupi 1.5 miliyoni mu 2021. Koma ndimakayikira ngati tingati munthu wasankha yekha pamene kumudzi kwake sikuloledwa kumangidwa sukulu, chipatala kapena msewu. Umboni wa njira ina ulipo ku mapiri a Biligiri Rangan m'chigawo cha Karnataka. Mu 2011 anthu a mtundu wa Soliga anapatsidwa ufulu wokhala ndi kufula uchi m'kati mwa malo otetezedwa a ataiga, ndipo nyamazo sizinathe ayi. A Soliga amalemekeza taiga m'chipembedzo chawo, ndipo anakhala naye m'mapiriwo Brandis asanafike.