Za Willem Wachete, Kalonga wa ku Orange

Mwezi uno tiwerenge za munthu wa ku Ulaya amene anali kalonga ndi msilikari, dzina lake Willem. Nkhondo zimene adazitsogolera iye mwini sizinamkomere kawirikawiri, ndipo adafa ndi mfuti m'nyumba mwake. Koma mlandu umene adauimira uyenera kumveka kwa Akristu a m'midzi, pakuti ndiwo uwu: kodi mfumu ili nayo mphamvu yakulamulira mitima ya anthu ake, ndi kuwauza m'mene apembedzere Mulungu?

Willem anabadwa chaka cha 1533 m'linga la Dillenburg, m'dziko la Germany. Atate ake ndi amake Juliana anali otsata chiphunzitso cha Luther. Ali ndi zaka 11, mu 1544, mbale wake René, mwana wa atate ake aakulu, adafa kunkhondo wopanda mwana, namsiyira chuma chake chonse: minda ndi nyumba zambiri m'dziko la Netherlands, ndi kadziko ka Orange, kumwera kwa France pafupi ndi mtsinje wa Rhône. Kadzikoko munthu woyenda pansi akhoza kukadutsa tsiku limodzi, ndipo Willem anakalamulira ali kutali, mwa nduna zake. Koma mwini wake wa kadzikoko anali kalonga woima payekha, ndipo patsogolo pake ufulu umenewo ndiwo unampatsa mau akuti ali nako kuloledwa kuchita nkhondo monga mafumu anzake.

Mfumu yaikulu Charles V, imene inali mwini Spain ndi Netherlands yemwe, inavomera kuti mwanayo alowe ufumuwo pokhapokha achoke kwa amake, akaleredwe m'chipembedzo cha Aroma. Chotero anamuka naye ku Breda ndi ku Brussels. Anakula wochenjera, wodziwa zinenero zambiri, wokonda maphwando ndi kumwaza ndalama. Pofika zaka 22 anali kale mtsogoleri wa gulu lalikulu la asilikari. Mu 1555, tsiku limene Charles anatula ufumu wa Netherlands kwa mwana wake Philip II, nkhalambayo inalowa m'bwalo itatsamira paphewa la Willem. Mu 1559 Philip anamuika kazembe wa maiko a Holland, Zeeland ndi Utrecht.

Anthu amasimba kuti chaka chomwecho, ali kusaka nyama m'nkhalango ndi Henry II mfumu ya France, mfumuyo inamuululira upo wakuononga Aprotestanti onse, poyesa kuti Willem aziadziwa kale. Iye sanayankhe kanthu, nkhope yakenso sinasinthe, koma anasunga mauwo mumtima. Amati dzina lakuti Wachete linachokera ku khalidwe lotere. Sanali munthu wosowa mau ai. Anali wodziwa kumanga lilime lake.

Masiku amenewo malamulo a mfumu anati munthu wopezeka ndi mabuku a Luther kapena a Calvin aphedwe, ndipo ambiri anatenthedwa pamoto. Pakutha pa chaka cha 1564 Willem anaimirira pabwalo la nduna, nanena poyera kuti ngakhale iye mwini ali wa Aroma, sakhoza kuvomera kuti mafumu azilamulira chikumbumtima cha anthu ao. Taonani bwino, abale: pamenepo sanali kudzinenera yekha. Iye anali kumbali ya amphamvu, ndi moto sunali kumuopsa. Ananenera anthu a mpingo wina.

Philip sanamve. Mu 1566 makamu a anthu okwiya analowa m'nyumba zopempherera naswa mafano, ndipo mu 1567 mfumu inatuma kazembe wouma mtima, Alba, ndi asilikari ngati 10,000. Willem anathawira kwao ku Dillenburg. Anzake awiri, Egmont ndi Horn, amene anatsala pokhulupira chifundo cha mfumu, anadulidwa mitu pamsika wa Brussels mu 1568. Chuma cha Willem cha ku Netherlands chinalandidwa, ndi mwana wake wamwamuna woyamba anagwidwa kusukulu ku Leuven, natengedwa kunka ku Spain. Atate wake sanamuonenso.

Tsono anagulitsa mbale zake zasiliva ndi zokometsera za m'nyumba, nalemba asilikari. Nkhondo yake ya 1568 inalephera, chifukwa Alba anakana kukomana naye, nangodikira kuti ndalama zimthere. Asilikari olipidwa aja anabalalika. Mng'ono wake Adolf anafa chaka chomwecho, ndi ang'ono ake ena awiri, Louis ndi Henry, anafa tsiku limodzi mu 1574. Chimene Willem anali nacho choposa akazembe a Spain ndicho kusatopa. Mu 1572 amalinyero ake analanda mzinda wa Brielle, mizinda ina ya Holland ndi Zeeland niyamba kumtsegulira zipata. Mu 1573 iye analowa Mpingo Wokonzedwa. Mpingo womwewo ndiwo unaoloka nyanja ndi Adatchi kunka ku Cape mu 1652, ndipo ana ake, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, anafika ku Mvera mu 1889.

Mu 1574 asilikari a Spain anazinga mzinda wa Leiden, anthu nayamba kufa ndi njala ndi mliri. Dziko la Holland liri lotsika, ndipo madzi amatchingidwa ndi makoma a dothi. Willem, pokhala analibe asilikari okwanira, anakopa akulu a dziko kuti agumule makomawo, madzi amize minda, kuti zombo ziyende pamwamba pake. Mlimi aliyense adziwa kuwawa kwa mau otere. Madzi anachedwa kukwera, Willem mwini nagona ndi malungo akulu. Potsiriza mphepo inatembenuka, nikankhira madzi kumtunda, adani nathawa usiku. Ndipo pa 3 October zombo zinalowa mumzinda ndi nsomba ndi mkate. Chaka chotsatira anakhazika sukulu yaikulu ya yunivesite ku Leiden, imene iripo kufikira lero.

Pano ndipo pali chiyeso chachikulu cha moyo wake. Kupempha ufulu uli wofooka nkosavuta. Ngakhale wakuba agwidwa apempha chifundo. Koma Aprotestanti atapeza mphamvu, ambiri anaiwala zimene adaziona. Mu 1572 mkulu wa amalinyero, Lumey, anapachika ansembe ndi abale 19 a Aroma ku Brielle, ngakhale Willem adalamula kuti asakhudzidwe. Pambuyo pake Willem anamchotsa paudindo. Mu 1573 akulu a Holland analetsa mapemphero a Aroma, chinthu chimene iye sanachifune. Ku Middelburg akulu a mzinda anayamba kusautsa otsata Menno Simons, amene sabatiza makanda nakananso kulumbira, ndipo Willem anawalembera kuti awaleke anthuwo. Ku Ghent alaliki ena a mpingo wake womwe anamnenera paguwa kuti alibe Mulungu, chifukwa anafuna kuti mipingo iwiri ikhale pamodzi mumzinda umodzi. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ife tikawerenga izi tisathamangire kuwaweruza anthu aja, pakuti m'midzi mwathu momwe, kumene mpingo umodzi wachuluka, tidziwa m'mene ochepa amayankhulidwira pachitsime ndi pamaliro.

Sitinena kuti Willem anali wopanda banga. Pa unyamata wake anabala mwana kunja kwa ukwati, ndi ukwati wake wachiwiri unatha ndi manyazi. Analakwanso pokhulupira kalonga wa ku France, Anjou, amene mu 1583 anayesa kulanda Antwerp mwachinyengo. Ndipo chimene anachifunitsa, kuti maiko onse 17 a Netherlands akhale amodzi, sichinachitike: akumwera anabwerera kwa Philip. Akumpoto anapangana ku Utrecht mu 1579, nalemba m'pangano lao kuti munthu asasautsidwe chifukwa cha chipembedzo chake. Mu 1581 anamkana Philip kuti salinso mfumu yao. Nkhondo inapitirira kufikira 1648.

Mu 1580 Philip analengeza kuti wakupha Willem adzalandira ndalama zagolidi 25,000. Mu 1582 munthu wina anamuombera kumaso ku Antwerp; anachira, koma mkazi wake Charlotte, amene anamdwazika usana ndi usiku, anatha mphamvu namwalira. Patapita zaka ziwiri anafika ku Delft mnyamata, Balthasar Gérard, wodzionetsa ngati Mprotestanti wothawa masautso. Anapatsidwa ndalama za m'nyumba ya kalonga kuti agule zovala, iye nagula mfuti zazifupi ziwiri. Pa 10 July 1584, Willem potuluka kukudya kwa usana, Gérard anamuombera pachifuwa pafupi ndi makwerero. Amene analipo anasimba kuti pakugwa anapempha Mulungu achitire chifundo moyo wake ndi anthu osauka a dzikolo. Anali ndi zaka 51. Anaikidwa m'nyumba ya Mulungu yotchedwa Nieuwe Kerk, ku Delft komweko, ndipo maenje a zipolopolo aonekabe pakhoma la nyumba imene adafera.