Dzina la Chipwitikizi Musaliloweze Lili Lokha

Mtsikana wina wa ku Dedza, wodziwa bwino Chingerezi, anafunsira ntchito yomasulira makalata pa kampani ina yogula mbewu kutsidya kwa malire, m'boma la Angónia ku Mozambique. Chipwitikizi anachiphunzira yekha, mwakhama ndithu. Kope lake linadzaza ndi mawu, uku Chingerezi, uku Chipwitikizi. Chimene sankalemba ndi timawu tiwiri totsogolera dzina, o ndi a. Iye ankati tonseto ndi "the" basi.

Pa mayeso anampatsa kalata ya mlimi wopempha mpamba kuti aimasulire. Analemba "a capital". Komatu limeneli ndi likulu la dziko, monga Maputo; mpamba ndi "o capital". M'munsi mwake analembanso "a problema é séria", poganiza kuti dzina lililonse lothera ndi -a ndi lachikazi, pomwe zoyenera ndi "o problema é sério". Ntchito inapita kwa wina.

Chinamusocheretsa ndi Chingerezi. Kale nachonso chinkagawa mayina m'magulu atatu: lachimuna, lachikazi, ndi lina losakhala mbali iliyonse. Pofika zaka za m'ma 1300 magulu amenewa anali atatha, n'kungotsala "he", "she" ndi "it", ndipo mfotokozi monga "good" sasintha ngakhale dzina lisinthe motani. Zilankhulo zobadwa ku Chilatini sizinatero. Chipwitikizi, Chisipanishi, Chifalansa ndi Chitaliyana zinataya gulu lachitatu lija n'kusunga awiri, ndipo mfotokozi amayenera kutsatira gulu la dzina lake.

Lamulo lakuti -o ndi wachimuna, -a ndi wachikazi limagwira ntchito nthawi zambiri, n'chifukwa chake ndi loopsa: munthu amalidalira mpaka kuleka kufufuza. Mayina ochokera ku Chigiriki monga problema, sistema ndi programa ndi achimuna. Dia, tsiku, ndi lachimunanso. N'chifukwa chake m'mawa amati "bom dia" koma masana "boa tarde". Mão, dzanja, ndi lachikazi. Ndipo musaganize kuti mukadziwa chilankhulo chimodzi mwadziwa zonse. Mkaka ndi wachimuna ku Lisbon ndi ku Paris, "o leite" ndi "le lait", koma ku Madrid ndi wachikazi, "la leche". Palibe chachimuna kapena chachikazi chimene chili mu mkakawo. Ndi gulu chabe limene dzinalo linagweramo.

Chondiwawa ine n'chakuti mtsikanayu anali nalo kale luso lofunikalo. Mwana wa zaka zinayi wolankhula Chichewa sanganene kuti "nyumba wabwino" kapena "chingwe yaitali". Amadziwa kuti mtengo ndi wabwino, nyumba ndi yabwino, chingwe ndi chabwino, dengu ndi labwino, popanda womuuza kuti awa ndi magulu a mayina. Ife tili ndi magulu oposa khumi, olankhula Chipwitikizi awiri okha. Tikadutsira pa Chingerezi timaiwala kuti khutu lathu linazolowera kale kumva dzina likulamulira mawu oyandikana nalo.

Choncho m'kope mwanu lembani "o mapa", "a viagem", ndipo powerenga mokweza muziphatikizapo mfotokozi: "o mapa novo", "a viagem longa". Ophunzira Chifalansa ku sekondale achenjere kwambiri ndi mayina oyamba ndi lembo la liwu, chifukwa "l'arbre" ndi "l'école" amabisa gulu lawo. Amenewa muziwalemba ndi un kapena une: "un arbre", "une école".