Dzina Loona la Mthuthu: Phunziro kwa Alangizi

Mau oyamba

Mthuthu, umene ena amautcha ombwe, ndi chitsamba chobwezera chonde m'nthaka, ndipo masamba ake ouma amateteza nyemba ndi khobwe kwa anankafumbwe. Kwa zaka zambiri mbewu ina ya chitsambachi inkagawidwa kwa alimi m'Malawi ndi dzina loti Tephrosia candida. Kafukufuku adaonetsa kuti dzinalo linali lolakwika.

Mmene dzina limatsimikizidwira

Dzina la sayansi la chomera chili chonse limamangidwa pa chitsanzo chouma chimene katswiri woyamba adagwiritsa ntchito pochifotokoza. Chitsanzocho chimamatidwa pa pepala lolembedwa dzina la wochitola, malo ndi tsiku, ndipo chimasungidwa m'nyumba yosungiramo zomera zouma. Pakabuka mkangano wa dzina, akatswiri amabwerera ku pepala limeneli.

Mthuthu wa kuno ku Africa udatchedwa Tephrosia vogelii m'chaka cha 1849 ndi Joseph Hooker, pokumbukira Theodor Vogel, amene adatola zomera pa ulendo wa ku mtsinje wa Niger m'chaka cha 1841 namwalira chaka chomwecho. Zitsanzo za Vogel zimasungidwa ku Kew, ku London. Tephrosia candida ndi mtundu wina, wochokera ku India.

Zimene zidapezeka

M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Kew, a ku Natural Resources Institute, a bungwe la ICRAF ndi a kafukufuku wa zaulimi m'Malawi adafalitsa zotsatira za ntchito yawo. Adayerekeza mthuthu wa m'minda ndi zitsanzo zosungidwa, nayezanso DNA yake. Chomera chimene chinkatchedwa candida chidapezeka kuti ndi vogelii.

Chachiwiri, vogelii ali m'magulu awiri ooneka ofanana. Gulu loyamba lili ndi deguelin ndi rotenone, mankhwala amene amapha tizilombo. Gulu lachiwiri, limene linkagawidwa ndi dzina lolakwika lija, lilibe mankhwalawa. M'malo 13 amene adayenderedwa m'Malawi, pafupifupi chitsamba chimodzi mwa zinayi zili zonse chinali cha gulu lachiwiri. Motero mlimi angathe kuthira masamba m'thumba la khobwe monga adalangizidwira, koma khobweyo nkufumbwabe, mlangizi nkutaya chikhulupiriro cha mudzi wonse.

Zoyenera kuchita alangizi

1. Asanagawe mbewu ya mthuthu yotetezera zokolola, afunse ku malo a kafukufuku kumene mbewuyo idachokera ndi gulu lake.

2. Ngati alimi akudandaula kuti masamba sakupha tizilombo, mlangizi adule nthambi yokhala ndi masamba, maluwa ndi zitheba. Masamba okha sakwanira.

3. Aiyale pakati pa nyuzipepala, aipanikize ndi matabwa awiri ndi mwala, ndipo azisintha mapepalawo tsiku ndi tsiku mpaka iume.

4. Alembe dzina la m'deralo, mudzi, mfumu, boma, tsiku, maonekedwe a maluwa, kutalika kwa chitsamba ndi kumene mbewu idachokera.

5. Atumize chitsanzocho ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, nasunge chinzake ku ofesi.

Dzina likatsimikizidwa, mpofunikabe kuti masamba ayezedwe kuti gulu lake lidziwike. Chitsamba cha gulu lachiwiri chisazulidwe, chifukwa chimathandizabe pa chonde, koma mbewu yake isasakanizidwe ndi ya gulu loyamba.