Mowa wa m'diramu ndi mafupa anu

Kwa mabanja a ku St Mary's, Zengeza ndi Seke

Tinazolowera kumva kuti ayironi amawonjezera magazi. N'zoona, koma akachuluka thupi lilibe potayira. Amaunjikana m'chiwindi, m'kapamba ndi mu mtima chaka ndi chaka, mwini thupi osamva kanthu.

Kwathu kuno ayironi wotereyu amabwera kwambiri ndi mowa wamasese wofululira m'madiramu achitsulo. Mowa ukamasasa umadya chitsulo, womwa n'kumwera kumodzi. Lita imodzi imatha kukhala ndi mamiligalamu oposa 40, pomwe munthu wamkulu amangofunika kuti 1 kapena 2 alowe m'magazi patsiku. Mu 1992 wofufuza Victor Gordeuk ndi anzake anapeza kuti mabanja ena amasunga ayironi msanga chifukwa cha kumtundu. N'chifukwa chake anthu awiri amamwa mkunda umodzi, wodwala n'kukhala mmodzi.

Mafupa ndiwo amene anthu sawaganizira. Mu 1966 madokotala a ku Johannesburg analemba za abambo azaka zapakati, okonda mowa wa m'migolo, amene mafupa awo amsana ankaphwanyika popanda ngozi yeniyeni. Ayironi wochuluka amawononga vitamini C, ndiponso amafooketsa timaselo tomanga fupa, kotero fupa limapyapyala ndi kufumbwa mkati. Munthu amamva msana wosatha, amawerama, amafupika, nkhama zimatuluka magazi. Ambiri amangoti ndi ukalamba kapena ntchito yolemetsa ya paunyamata, n'kumameza Panado. Chiwindi nachonso chimauma, shuga amayamba, ndipo kafukufuku wa kumidzi ya Zimbabwe wa mu 2001 anasonyeza kuti TB imagwira msanga anthu otere.

Ofulula, siyani diramu ladzimbiri. Mbiya yadothi ilibe vutoli. Abambo, musamagule mapiritsi owonjezera magazi kapena a vitamini C panokha popanda kuyezedwa; idyani malambe, masau, magwafa ndi ndiwo zamasamba. Amayi apakati okha apitirize kumwa mapiritsi a kusikelo, ayironi ameneyo akumufuna.

Ngati mwamwa mowawu kwa zaka zambiri, kapena mumalandira magazi pafupipafupi (nawonso amaunjika ayironi), yambirani kukiliniki ya kwanu, akutumizeni ku Chitungwiza Central Hospital. Funsani za kuyeza ferritin, komwe kumasonyeza kuchuluka kwa ayironi m'thupi. Akapeza ayironi wambiri, madokotala amachotsa magazi pang'onopang'ono mpaka atatsika, kapena amapereka mankhwala ngati magazi ali ochepa kale. Uzaninso abale anu a mimba imodzi kuti akayezedwe.